Funsani Azakhali: Chovala nacho chili ndi kwawo

Mwezi uno bokosi langa ladzadza ndi nkhani ya zovala, ndikuona kuzizira kwa Juni kwakukumbutsani zambiri. Makalata ena ndawafupikitsa, musakwiye, tsamba ndi lochepa. Za maukwati ndi za apongozi olowerera kukhitchini zidikire mwezi wamawa, ngakhale apongozi amodzi alowa kale muno kudzera pa buluku.

Azakhali, ndine namwino, ndakulira ku Chilomoni ndipo ntchito ndinayambira ku Blantyre konko koma chaka chino anandisamutsira ku Mzuzu. Vuto langa ndi loti zovala zanga zonse zasanduka zopanda ntchito kuno, madiresi anga opepuka aja angokhala mu sutikesi, nsapato zazidendene zatha ndi matope, ndipo ndikati nditchene ndipite mtauni ndimangoonekeratu kuti ndine mlendo. Anzanga akuno ndi majekete ndi mabutsi tsiku ndi tsiku koma amaoneka bwinobwino. Kodi ndigulitse zonse ndiyambirenso? — Wozizidwa, Katoto

Usagulitse mwanangu, ukagulitsa lero udzalira mu Okutobala chifukwa Mzuzu nayo imatentha ikafuna, kungoti nthawi yake ndi yochepa. Kutchena umakudziwa, koma ukutchena za ku Blantyre uli pa phiri la eni ake. Mzuzu ili pamwamba, m'mbali mwa mapiri a Viphya, mamita oposa 1,200, ndipo mvula yake sidziwa kutsanzika, kwina konse anthu akukolola iyo ikadali kuwaza mpaka Epulo, Meyi, kenako kuzizira kwa Juni ndi Julayi n'kulandira pomwepo. Nde munthu wokulira kumeneko sitayilo yake imayambira pa jekete. Iwe umayamba wasankha diresi kenako n'kumafunafuna choponya pamwamba, mnzako wa ku Chibavi amayamba wasankha jekete ndi nsapato, zamkatizo zimabwera pambuyo.

Tembenuza kaganizidweko basi. Peza majekete awiri abwino, limodzi la jinzi lina lalitali lofika m'maondo, juzi imodzi yopanda zolembalemba, ndi nsapato zotseka zokhala ndi mphira yokhuthala pansi. Madiresi ako aja avale mkati ndi mataiti akuda, uona anthu akuyamba kukufunsa kumene wagula. Koma jekete usagule pano, mavenda nawo amamva kuzizira ndipo akudziwa kuti ulibe kothawira. Vutika ndi limodzi chaka chino, ena ukagule dzuwa likafika pa mutu, nthawi imene wogulitsa amachita kukuthamangira kuti umuchotsere katundu. Chinanso, sutikesi imeneyo itsegule. Kumeneko chinyezi ndi chambiri, zovala zotsekera miyezi itatu uzipeza zitachita nguwi, ndipo nguwi pa nsalu yoyera sichoka ndi sopo aliyense. Nthawi ya mvula usayanike pa udzu, ndipo sita chilichonse mpaka zamkati, olo ndi simbi ya makala magetsi akathima, kuopa mphutsi zija zolowa pakhungu.

Usaone ngati zakugwera wekha. Wosamukira ku Dedza amalira chimodzimodzi, kumene kuja ndi pamwamba kuposanso Mzuzu. Kwanu komwe ku Blantyre chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, ku Thyolo ndi ku Mulanje anthu otchola tiyi amavala mapulasitiki pamwamba pa majuzi. Ndiye pita ku Nsanje, Ngabu kapena Nchalo mwezi wa Okutobala kutentha kukadutsa madigiri 40, kumeneko munthu wovala poliyesitala amaoneka kuti ndi wobwera, ndipo chomvetsa chisoni n'choti thonje likulimidwa pomwepo koma malaya a thonje lenileni kuwapeza pamsika ndi mwayi. Lilongwe vuto lake ndi fumbi. Kaime pa siteji ya Area 25 m'mawa mwezi wa Seputembala, uona mayi watchena kuyambira kumutu mpaka m'miyendo koma kuphazi ali ndi patapata, nsapato za ku ofesi zili mu jumbo m'chikwama, akatsika minibasi amakhala pakamwala, kupukuta mapazi ndi kansalu konyowa, kuvala nsapato zija, patapata kulowa mu jumbo, kenako n'kulowa pa geti ngati wabwera pa galimoto yake. Ameneyo amaudziwa mzinda wake.

Azakhali, ndinakwatiwa chaka chatha, timakhala ku Area 49. Pa Isitala tinapita kumudzi kwa amuna anga ku Ntchisi nde ine ndinavala jinzi chifukwa kuchokera pa boma timakwera njinga yamoto. Titafika apongozi anandilandira bwino koma usiku anawaitana ana awo n'kuwauza kuti mkazi wovala buluku wawachititsa manyazi pamudzi. Pobwerera amuna anga anandiuza kuti ndisiye mabuluku onse olo kutauni chifukwa si chikhalidwe chathu. Chonsecho tili pachibwenzi iwo omwe ankandigulira. Ndalakwa pati? — Mai a pa nyumba, Lilongwe

Amayi, nkhani zanu ndi ziwiri ndipo bambowo aziphatikiza dala. Tiyambe ndi ya chikhalidwe chifukwa imeneyo imanditopetsa.

Chimene ambiri amachitcha chikhalidwe pa nkhani ya buluku chinali lamulo la boma, lili ndi chaka chake. Mu 1973, nthawi ya Kamuzu, nyumba ya malamulo inakhazikitsa Decency in Dress Act, lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku, makabudula ndi masiketi osabisa maondo pagulu. Abambo nawo sanasiyidwe, tsitsi lalitali linali loletsedwa, mabuluku otambalala kunsi aja nawonso ayi, ndipo alendo a tsitsi lofika m'mapewa ankametedwa asanaloledwe kulowa m'dziko muno. Lamulo la zovalalo linachotsedwa mu 1993, chaka cha referendamu. Zaka 20 ndi zambiri, mwana wobadwa lamulo likuyamba anafika pokwatiwa asanaonepo mzimayi wa buluku pamsewu. Apongozi anu anakulira m'zaka zimenezo, ndiye musawaone ngati ankhanza, maso awo anaphunzitsidwa choncho, wailesi, chipani ndi tchalitchi zonse zikunena chimodzi.

Koma mukabwerera mmbuyo kupitirira pamenepo mupeza zina. Agogo a agogo athu ankavala nyanda ndi zikopa, kenako nsalu zitabwera ndi amalonda ndi amishoni kunadza biriwita ndi chilundu, ndipo mzimayi kuyenda chifuwa chili pamtunda sinali nkhani pamudzi. Chobisika chinali ntchafu ndi chiuno. N'chifukwa chake mpaka lero mayi amayamwitsa mwana mu minibasi popanda wotembenuka, koma mtsikana akadutsa pa depoti ndi siketi yaifupi amuna akuluakulu amasiya ntchito n'kuyamba kuimba malikhweru. Ndipo zinafika poipa. Mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu anavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi pamsewu masanasana, amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula, ambiri atavala mabuluku omwewo, Joyce Banda ali wachiwiri kwa pulezidenti anali nawo, ndipo Bingu wa Mutharika anachita kunena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Ndiye amuna anu akamati chikhalidwe, afunseni mwaulemu kuti cha chaka chiti.

Tsono nkhani yachiwiri, ya ku Ntchisi. Apa sindikhala mbali yanu yonse ayi. Mudzi uli ndi maso ake, ndipo amene amatsala ndi mawu a anthu inu mutakwera njinga kubwerera ndi apongozi, kuchitsime ndi ku Chigwirizano akhala akumva za jinzi yanu mpaka Khirisimasi. Chitenje chimodzi m'chikwama chikanatseka pakamwa pa mudzi wonse. Valani jinzi yanuyo, pa njinga yamoto palibe chovala choposa pamenepo, koma mukatsala pang'ono kufika muuzeni wa kabaza aime, mangani chitenje pamwamba, mpango kumutu ngati mukufuna kuwonjezera, n'kulowa m'mudzi. Atsikana a m'mudzi momwemo akuchita zomwezo, kawoneni kudimba kapena akamapalasa njinga kupita kuchigayo, pansi pa chitenje pali taiti kapena buluku, aliyense akudziwa ndipo palibe akudandaula. Pa maliro nde musayerekeze n'komwe, kaya ndi ku Ntchisi kaya ku Area 10, mwaonapo amayi a maudindo akuluakulu akutsika Prado atamanga chitenje n'kukakhala pansi pa mkeka limodzi ndi anzawo.

Za kusiya mabuluku ku Lilongwe, ayi. Kumeneko ndi kwanu, mumayenda m'misewu yake, mumakwera makabaza ake. Bambowo anadzudzulidwa ndi mayi awo usiku umodzi nde akufuna manyazi awo muwasenze inu chaka chonse. Auzeni chonchi: kumudzi ndidzamanga chitenje popanda kukumbutsidwa, kuno ndizivala zomwe munandipeza nazo. Ulendo wotsatira muwatengere apongozi chitenje chabwino cha mamita anayi, china chofanana nacho mumange inuyo, muone ngati nkhani ya jinzi idzatulukenso.

Azakhali, ndimagwira ntchito ku Kanengo ndi mfana wina wa ku Nkhata Bay nde tsiku lililonse amatinyoza kuti Atonga ndiwo anabweretsa usimati m'Malawi muno, ife a ku Kasungu akuti timangodziwa fodya. Zoona mfanayu shati yake sikhwinyata olo tigwire ntchito mpaka madzulo. Kodi zimenezi zili m'magazi kapena ndi matama chabe? — Mlimi wa fodya, Area 25

Hahaha mphwanga, m'magazi mulibe simbi. Koma mnzakoyo sakunama kwenikweni, mbiriyo ili ndi pochokera. Mishoni ya Livingstonia itachoka ku Cape Maclear inakakhazikika ku Bandawe mu 1881, pakati pa Atonga, ndiye sukulu anayamba kuiona msanga kuposa madera ambiri. Odziwa kulemba ndi kuwerengawo anabalalika kukagwira ntchito za ukalaliki ndi ukapitawo ku Rhodesia ndi ku South Africa, mmodzi mwa iwo Clements Kadalie wa ku Chifira amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Munthu wa ntchito ya cholembera amavala kolala yoyera, akabwera kumudzi ndi suti ndi chipewa ana amaona n'kumati ndikadzakula nanenso. Zikapitirira mibadwo itatu zimasanduka khalidwe la dera. Onjezerapo nyanja. Madzi ochapira ali pakhomo chaka chonse, pamene kwanu ku Kasungu mwezi wa Okutobala ndowa imodzi ya pa mjigo iyenera kuphikira, kusamba ndi kumwa, shati yoyera ikhala ya nambala chani pa mndandanda umenewo?

Ndipo kaonere Malipenga ukapeza mpata. Gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali, amuna atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse anayamba kutsanzira zomwe anaona, nde amavina atavala makabudula ositidwa mpaka mzere kuthwa, malaya oyera, sokosi zoyera zofika m'maondo, ndipo gulu lauve limagonja lisanayambe n'kuvina komwe. Koma apa ndi pamene ungamubweze mnzakoyo, chifukwa Mganda wa kwanu m'chigawo chapakati ndi m'bale wake wa Malipenga, nawonso ndi yunifolomu ndi sokosi zomwezo, ku Mangochi kuli Beni. Usimati wa perete unafika paliponse.

Chimene ndimaona ine n'choti dera lililonse limavala kumene anthu ake amapita. Madala a Wenela ankabwera ndi majasi, zipewa ndi mabulangete a ku migodi mpaka pamene Kamuzu anaimitsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Lero pita ku Mangochi kapena ku Mzimba mu Disembala, anyamata obwera ku Joni umawadziwira patali, matiraki suti, zipewa zandowa, masinika oyera oti mbee, ang'ono awo n'kumatengera. Mnyamata yemweyo Lachisanu ku Mangochi umupeza ali mu mkanjo woyera ndi mzuli akupita ku mzikiti, sinika zomwe zija kuphazi. A ku Karonga maso awo ali ku Kyela ndi ku Dar es Salaam, a ku Mchinji ku Chipata. Iweyo gula simbi, ndipo fodya akagulidwa bwino chaka chino usamuuze mnzakoyo, angoona.

Azakhali, ndasamukira ku Ndirande kuchokera ku Zomba ndipo malaya anga ambiri ndi a buluu chifukwa ndi mtundu umene ndimaukonda, za mpira sinditsata. Koma Loweruka lina anyamata pa msika anandizungulira akundiimba nyimbo. Nditani? — Wosalakwa

Achimwene, dziwani kalendala ya mpira olo musaukonde. Tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers, chofiira ndi cha Maule, buluu ndi wa Manoma, ndipo palibe amene akufunseni ngati mumatsata. Tsiku limenelo valani zoyera kapena khaki. Nthawi ya kampeni muwonjezere kusamala chifukwa mitundu imakhala ndi eni ake enanso, buluu DPP, chikasu UDF, lalanje PP, ndipo tambala wakuda pa nsalu aliyense akudziwa kwawo. Masiku ena onse valani buluu wanu mwamtendere.

Anti, ndili chaka choyamba ku koleji ku Blantyre, kwathu ndi ku Mchesi. Atsikana a mu hostelo mwathu ambiri ndi a kumayadi, amaoda zovala pa intaneti kapena azibale awo amawatumizira kuchokera kunja. Ine zanga zonse ndi za pa kaunjika ndipo tsiku lina wina anandifunsa pagulu kuti bulauzi yanga ndinagula shopu iti, ndinanama. Ndikuchita manyazi mpaka ndikufuna kutenga ndalama ya chakudya ndigulire zovala. — Mwana wa geto

Ndalama ya chakudya usaikhudze, njala sioneka bwino mu diresi lililonse. Ndipo ndikuuze chinsinsi chimene anzakowo sakudziwa kapena akubisa: mabutiki ambiri ang'onoang'ono amene amagulako, ndi mapeji ambiri a pa Facebook ndi pa WhatsApp aja, katundu wawo amachokera mu belo lomwelo. Mwini butiki amadzuka m'bandakucha, amakhala pamene belo likudulidwa mawaya, amasankha zapamwamba zija amati nambala wani, kukachapa, kusita, kupachika pa hang'ala, kujambula ndi foni yabwino, mtengo n'kuwirikiza kangapo. Iwe wa ku Mchesi unabadwira pafupi ndi gwero, msika wa Tsoka uli pakhomo pako, ndipo uli ndi luso limene mwana wa ku Area 43 alibe, lopisa dzanja mu mulu n'kuzindikira nsalu yabwino ndi zala usanaione n'komwe. Wokufunsa pagulu uja mwina amafuna kukunyoza, koma mwinanso bulauziyo inamusangalatsa, sunamupatse mpata.

Dziko lonse lino likuvala kaunjika, ndipo si ife tokha, ku Zambia ndi salaula, ku Tanzania mitumba, ku Zimbabwe mabhero. Mashopu a DAPP ali m'matauni athu ndipo mumalowa anthu a mataye. Vuto lenileni pano ndi mtengo. Mabelo amagulidwa kunja ndi madola, ndiye kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo madola atayamba kusowa, belo linakwera mpaka mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe anayenda ulendo wa ku nyumba ya malamulo kukadandaula. Chovala chimene kale chinali cha wosauka pano nacho chikufuna bajeti.

Nde gula mwanzeru. Ku Blantyre kuno phunzira msika wa Limbe ndi wa Ndirande, funsa masiku otsegula mabelo, pita m'mawa ngati ukufuna zabwino, pita madzulo ngati ukufuna zotchipa. Yang'ana m'khwapa, m'kolala ndi zipi, kwezera nsalu ku dzuwa uone ngati yatha. Chachikulu pang'ono tenga, chaching'ono siya olo chikongole bwanji. Kenako pezana ndi telala mmodzi wa pakhonde amene amamva zonena, chifukwa zovala za mu belo zinasokedwera matupi a anthu ena, ndipo kubweza m'chiuno ndi kudula kunsi ndi ndalama yochepa koma chovala chimasanduka chako. Ukadzafunsidwanso shopu, uzingoti ndili ndi munthu wanga ku Lilongwe. Si bodza.

Azakhali, ndimakhala ku Leicester, ndakhala kuno zaka zambiri. Kusukulu kwa mwana wanga kuli tsiku loti aliyense avale chovala cha dziko la kwawo. Anzake a ku Nigeria, ku Ghana ndi ku India sakuvutika, ine ndasowa chomuveka chifukwa ndikamuveka chitenje anthu amati ndi cha ku West Africa. Kodi ife Amalawi chovala chathuchathu ndi chiti? Ndikufuna ndimusoketse kumudzi anditumizire. — Nambewe wa kutali

Amayi, funso lanu anthu akhala akukangana nalo kuno kwa zaka, ndipo chovala chimodzi chimene boma linalengeza kuti ichi ndiye cha fuko lonse, chimene Mtonga, Msena ndi Mlhomwe angavale onse n'kuti ndi chathu, palibe. Nthawi ya Kamuzu mbumba inkavala chilundu ndi nsalu za nkhope yake, mwini wakeyo ali mu suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha ku England, litchowa kumanja, ndipo abambo a dziko lino anatengera suti imeneyo mpaka lero, olo ku Chikwawa dzuwa likuswa mtengo mkulu wa mpingo ali mu jekete ndi tayi.

Anthu akunenawo sakulakwa kwambiri. Nsalu za mtundu wa chitenje zinayambira ku batiki wa ku Indonesia, Adatchi anazitengera n'kumazipanga pa makina, fakitale ya Vlisco ku Helmond ilipo kuyambira 1846, ndipo msika wake waukulu unakhala West Africa, kenako zinafalikira konsekonse. N'chifukwa chake amayi pamsika mpaka pano amatchula za Java ndi za wakisi. Kuno fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene pano ili m'manja mwa Mapeto, yakhala ikudinda zitenje kwa zaka zambiri, koma zochuluka zimene mupeze pa Taifa Market ku Mzuzu kapena ku Area 2 zimalowa kuchokera ku Tanzania, ku Zambia ndi ku China. Chathu ndi kavalidwe kake. Mzimayi wa ku Lagos nsalu amaisoketsa yonse ndi chiduku chachikulu kumutu, wa kuno amamanga chitenje m'chiuno pamwamba pa siketi, china kuberekera mwana, ndipo pa chinkhoswe mbali ya kuchimuna nsalu yawo, ya kuchikazi yawo. Kuyambira 2016 pamene boma linayambitsa ndondomeko ya Buy Malawi, Lachisanu m'maofesi ambiri ndi tsiku la zitenje, abambo nawo ayamba malaya a chitenje, ndipo okonza zovala ngati Lilly Alfonso ndi zionetsero ngati Mzuzu Fashion Week zaonetsa kuti nsalu yomweyi ikhoza kukwera pa siteji.

Ngati mukufuna chosiyana ndi cha wina aliyense m'kalasimo, musafunse za Malawi yense, funsani za kwanu. Mwasaina kuti Nambewe, nde ndinu a ku Kulamba, mwambo wa Achewa wa ku Mkaika ku Katete, ku Zambia, mwezi wa Ogasiti, ndipo nsalu yake imadindidwa, yolembedwa ndi zizindikiro za Kalonga Gawa Undi. A Mulhako wa Alhomwe ali ndi yawo ya ku Chonde, Angoni a ku Ntcheu ndi ku Mzimba ali ndi zikopa ndi mikanda yawo. Mwana wanu atavala nsalu ya Kulamba ndi mikanda m'khosi, akafunsidwa ali ndi nkhani yofotokoza, malo ake ndi mwezi wake.

Za kusoketsa kumudzi, mverani bwino. Musatumize msinkhu wa mwana kuti ali ndi zaka zakuti, ana a kumeneko matupi awo ndi ena. Muyezeni ndi tepi pachifuwa, m'chiuno, m'mapewa ndi kutalika kuchokera paphewa mpaka pabondo, mulembe mu mainchesi chifukwa matelala athu ambiri amayeza choncho, ndipo mutumize chithunzi chimodzi chokha cha sitayilo, mukatumiza zitatu adzaphatikiza zonse. Nsaluyo ichapidwe kaye isanadulidwe kuti ikafupika ifupikiretu. Uzani m'bale wanu amuuze telala tsiku labodza, masabata awiri tsiku lenileni lisanafike, ndipo asamulipire zonse poyamba. Manja akhale aatali kapena pakhale malo ovalira juzi mkati, Leicester si Salima.